Mawu Amene Ndinauza Dalaivala

Lolemba, 3 Malichi

Andigoneka lero masana, wodi ya abambo, bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Kope ili wandigulira ndi mwana wanga wamkazi, ati ndizilembamo zimene adokotala akunena, chifukwa ine ndikafunsidwa ndimangoti ndili bwino.

Shuga 26. Kutentha kwa thupi 38.9. Chala chachikulu cha phazi lamanzere chada bii, ndipo fungo lake ndayamba kulimva ndekha. Andiika diripi, andibaya insulini.

Adokotala, mayi wochepa thupi wa magalasi, anafunsa kuti chilondachi chinayamba liti. Ndinati masabata awiri. Mkazi wanga anati, "Asanu, adokotala. Anaponda msomali kumanda, ndipo anayenda nacho maliro asanu ndi awiri atavala nsapato." Adokotala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndinu abusa?" Ndinavomera. "Abusa ndi aphunzitsi khalidwe lanu ndi limodzi, mumabwera zinthu zitaipa kale."

Lachiwiri, 4 Malichi

Shuga 19 m'mawa, 21 madzulo. Ajambula phazi pa ekisire. Amayi akunyumba abweretsa tiyi wopanda shuga ndi dzira lowiritsa.

Pabedi la kumanja kwanga pali bambo amene wodi yonse imamutcha Wailesi, chifukwa satseka pakamwa. Ndi wometa tsitsi, impso zake zinafooka, ndipo wakhala muno miyezi iwiri. Matenda a aliyense amawadziwa kuposa mafayelo. Atamva anamwino akunditchula abusa, anatembenuka nati, "Kodi ndinu abusa a kwaya ija?"

Ndine amene. Ndilembe pano kamodzi kokha. Pa 25 Januwale kwaya ya mpingo wathu inapita kukaimba ku mpingo wina, ulendo wa maola anayi. Pobwerera madzulo, mvula ikugwa, minibasi inaphonya mlatho. Mwa anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi, asanu ndi awiri anamwalira. Onse ndinawaika ndekha m'sabata imodzi. Wamng'ono pa onse anali mtsikana wa zaka 19, mwana yekhayo wa mayi wina wa mumpingo mwathu, telala. Chiikireni mwana wawo, mayiwo sanapondenso kutchalitchi.

Wailesi analoza kudenga. "Dalaivala wanu ali pamwambapa, wodi ya mafupa. Chiuno chinathyoka. Wapolisi amakhala pakhomo, ngati kuti munthu wopanda chiuno angathawe. Akuti anagona pachiwongolero."

Ndinati ndikudziwa. Ovulala onse ndinawayendera, ena kangapo. Iye yekha sindinamuonepo.

Lachitatu, 5 Malichi

Shuga 15. Adokotala akuti matenda alowa m'fupa, Lachisanu adula chala. Chilonda chikapanda kuyera adzadula pamwamba pake. Alemba mzere ndi cholembera pakhungu pomwe pafika kufiira, kuti aziona ngati kukukwera.

Kunabwera a Mlembi a mpingo ndi thumba la malalanje. Ine ndiloledwa limodzi, Wailesi saloledwa n'komwe, choncho otsalawo anayenda wodi yonse. A Mlembi akuti Lamulungu mabenchi atatu akumbuyo analibe munthu, ndipo pamalo a kwaya palibe akufuna kukhalapo. "Anthu afooka, Abusa. Lankhulani mawu ochepa pa foni iyi ndikawamvetse. Auzeni kuti Mulungu akulamulirabe."

Ndinalankhula mphindi ziwiri. Mawu anatuluka okha, osalala, monga akhala akutulukira zaka makumi awiri ndi zitatu. Atandibwerezera kuti ndimve, ndinadzimva ngati wotsatsa malonda pamsika. A Mlembi anati ndi mawu amphamvu.

Potsanzika anatsitsa mawu. Anthu ena anakagenda nyumba ya dalaivala, magalasi onse ali pansi. Mkazi wake watenga ana, wapita kwa achibale.

Chakudya chamadzulo chinandikanika.

Lachinayi, 6 Malichi

Shuga 13. Kufiira sikunadutse mzere.

M'mawa a Sisitala oyang'anira wodi ino anaima pakati, manja kumbuyo. "Abambo, tamverani. Mankhwala a m'diripi opha tizilombo atsala a anthu anayi, koma oyenera kulandira mulipo asanu ndi anayi. Ena afika Loweruka. Ine ndi adokotala tasankha anayi amene matenda awo akuthamanga. Otsalanu mulandira mapiritsi. Wofuna kukwiya akwiyire ine, osati anamwino angawa." Anatchula mabedi. Langa linali pomwepo.

Bambo wina wa pawindo, amene sanatchulidwe, anatukwana mawu oti sindingalembe. A Sisitala anapita kukakhala pampando wa pabedi lake mpaka atamaliza, kenako anamukonzera pilo.

Akundisintha diripi ndinawafunsa chifukwa chimene sanangokhalira chete, popeza anthu sakanadziwa. Anati, "Akanadziwa, Abusa. Odwala amawerenga mabotolo. Ndiye tsiku lina ndikadzawauza kuti asaope, adzandimvera ndani? Ine m'mawa uliwonse ndikamavala yunifolomu ndimangopempha Ambuye kuti ndisanamize wodwala. Zina zonse sizili m'manja mwanga."

Andiletsa kudya kuyambira madzulo ano.

Lachisanu, 7 Malichi

Adula chala. Anandibaya jakisoni pamsana, ndinali maso, phokoso la zitsulo ndinalimva koma ululu ayi. Mutu ukuwawa.

Loweruka, 8 Malichi

Ululu wafika. Jakisoni kawiri. Shuga 17. Mankhwala aja abwera masana, ndipo a Sisitala anayambira kwa bambo wa pawindo.

Lamulungu, 9 Malichi

Titamwa tiyi Wailesi anati, "Abusa, lero ndi tsiku lanu la ntchito. Tchalitchi chathu ife ndi chomwechi. Tipempherereni, koma mwachidule, ena muno chikhodzodzo sichidikira." Anthu anaseka, ena anavula zipewa. Ndinayamba bwinobwino. Nditafika ponena kuti Inu amene mumatitsogolera m'maulendo athu, mawu anandithera. Wodi yonse inadikira. Patapita nthawi Wailesi ananena ameni m'malo mwanga, n'kuyamba kudandaula za phala.

Masana amayi atabwera ndinawapempha atseke katani, ndipo ndinawauza zimene ndakhala ndikubisa.

Tsiku la ngoziyo, cha m'ma 4 koloko madzulo, dalaivala anandiimbira foni. Anati, "Abusa, ndinadzuka mbandakucha, dzulo ndinali pa ulendo wina, maso akulemera, ndipo kuno kwada ndi mvula. A mpingo wa kuno ati tigone, tinyamuke m'mawa." Tsiku lotsatira tinali kulandira akuluakulu a mpingo ochokera kulikulu, ndipo ine ndinkafuna apeze kwaya ili pamalo pake. Ndinamuyankha kuti, "Musaope mvula, bambo. Nyamukani, Mulungu akutsogolerani." Iye anangoti, "Chabwino, Abusa."

Woyang'anira kwaya, amene anali pambali pake pomwe amaimba foniyo, ali m'manda. Otsalawo amangodziwa kuti dalaivala anati tiyeni tizipita.

Amayi anamvetsera ataika manja pamiyendo. Kenako anati, "Ndinamva, bambo. Ndinali kusita malaya anu, chitseko chili chotsegula."

"Nanga osanena bwanji masabata onsewa?"

"Ndikananena ine, mukanayamba kudziteteza. Ndimadikira munene nokha. Tsiku lililonse ndakhala ndikupempha Mulungu kuti asakutengeni musananene."

Ndinalira koyamba chichitikire ngoziyo. Pamaliro onse aja sindinagwetse msozi, ndipo anthu ankati abusa athu ndi olimba mtima.

Lolemba, 10 Malichi

Shuga 16. Kutentha 38.4. Atamasula bandeji, kufiira kwadutsa mzere ndi zala ziwiri. Adokotala sanazungulire. "Lachinayi tichotsa theka la phazi, lakutsogololi. Chidendene tiyesetsa kuchisiya kuti muzipondera."

Ndapempha a Sisitala andilole kupita ku wodi ya mafupa. Sanafunse chifukwa. "Mawa diripi ikatha. Pa njinga ya odwala, phazi lili m'mwamba, mphindi makumi awiri."

Lachiwiri, 11 Malichi

Amayi anandikankha pa njinga ya odwala mpaka pamwamba. Wapolisi wa pakhomo ataona kolala yanga, imene amayi anaumirira kuti ndivale, anaimirira n'kundipatsa moni waulemu. Ndinachita manyazi.

Dalaivala wawonda, ndevu zamera, zitsulo zatuluka m'chiuno mbali zonse ziwiri. Atandiona anayesa kudzuka. "Abusa, mwabwera. Ndinamva kuti muli pansipa. Phazi lili bwanji?"

Ndinati ndabwera mochedwa. Kenako ndinamufunsa chifukwa chimene sanauzire apolisi kuti anandiimbira foni.

Anayang'ana kudenga. "Chiwongolero chinali m'manja mwanga, Abusa. Ndikanatha kukana. Komanso ndani akanamvera dalaivala akuneneza abusa ake? Akanandigenda kawiri." Kenako anati, "Ana anga onse atatu munawabatiza ndinu. Ndinati mpingo ukataya anthu asanu ndi awiri, n'kutayanso abusa, utsala ndi chiyani?"

Ndinati utsala ndi Mwini wake. Mawuwa sindinawakonzekere, ndipo koyamba m'masabata ambiri ndinakhulupirira zimene pakamwa panga panena.

Ndinamupepesa. Ndinamuuza kuti ndinatenga dzina la Mulungu n'kumukankhira nalo pamsewu, chifukwa chofuna kuoneka bwino pamaso pa alendo. Sananene kuti wandikhululukira. Anati, "Ndikatseka maso ndimawamvabe akuimba. Mundipempherere ndizipezako tulo." Ndinagwira dzanja lake. Pemphero linali lalifupi, koma ndinalimaliza.

Lachitatu, 12 Malichi

Shuga 12. Ndasainira pepala la opaleshoni.

M'mawa wonse ndalemba kalata yopita ku mpingo, masamba awiri. Ndalembamo za foni ija, mawu onse monga ndinawanenera, ndiponso kuti ndinakhala chete nyumba ya munthu ikugendedwa. Masana ndinaipereka kwa a Mlembi kuti akaiwerenge Lamulungu. Anaiwerenga kawiri ali chiimire.

"Abusa, izi zigwetsa mpingo. Anthu atsala ndi inu nokha woti n'kugwira. Yambani mwachira, tidzakambirane ngati akulu."

"Khoti silidikira kuti ine ndichire."

"Mukhoza kuchotsedwa pa udindo."

"Ndikudziwa."

"Nanga ine ndikawauze kuti chiyembekezo chili kuti, ngati abusa awo omwe ndi amene..." Sanamalize.

Ndinati, "Mukawauze kuti sichinali mwa ine ndi kale lomwe. Ine ndinangowalekerera kuti aziganiza choncho, chifukwa zinkandikomera."

Anapinda kalatayo n'kuiika m'thumba la jekete. Sanalonjeze kanthu. Zaka khumi ndi ziwiri tatumikira limodzi, ndipo lero ndi koyamba kusiyana osapemphera.

Za mawa ndikuopa. Ndalemba kuti ndisadzakane.

Lachinayi, 13 Malichi

Akulemba ndi amayi, ine ndikungonena. Achita. Chidendene chilipo.

Lachisanu, 14 Malichi

Andiwonjezera magazi, paketi imodzi. Zala zimene kulibe zikuyabwa.

Wailesi lero akulankhula pang'onopang'ono, nkhope yatupa. Anatembenukira kwa ine nati, "Abusa, katani si khoma. Zonse za Lamulungu lija ndinazimva, ndipo koyamba m'moyo wanga sindinaulutse." Ndinamuthokoza. Kenako anafunsa, "Munthu ngati ine, tchalitchi ndinachisiya ndevu zisanamere, kumeneko malo anga aliko?"

Ndinati ngati a iye kulibe, ndiye kuti anganso kulibe, chifukwa tonse tikalowera pa chifundo cha Yesu, osati pa mbiri yathu. Anati timupemphe ndiye. Tinapempha. Atatsegula maso anati, "Ndikakusungirani malo, popeza zikuoneka kuti nditsogola ndine. Koma mukabwere mutameta, mutu umenewo ukundichititsa manyazi."

Loweruka, 15 Malichi

Wailesi wamwalira m'mawa, tiyi atangofika. A Sisitala anamutseka maso okha, n'kuima pabedi lake kanthawi asanaitane achibale. Wodi ili zii. Palibe wotiuza kuti adokotala afika wodi iti.

Shuga 11.

Lamulungu, 16 Malichi

M'mawa wonse maso anali pa wotchi ya pakhoma. Sindinadziwe ngati kalata iwerengedwa.

Amayi anafika 2 koloko, atavalabe zakutchalitchi. Akuti a Mlembi anaiwerenga kalata yonse, osadumpha liwu, ataima pansi osati paguwa. Atamaliza, bambo wina amene anataya mkazi wake pa ngoziyo anaimirira nati, "Ndiye ankatitonthoza ndi pakamwa pomwepo?" Anatuluka, ndipo mabanja anayi anamutsatira. Sindikuwaimba mlandu.

Kenako mayi mmodzi wa kwaya amene anapulumuka, mkono udakali m'chikhakha, ananyamuka n'kukakhala pamalo a kwaya. Anzake awiri anamutsatira. Sanaimbe, anangokhala. A Mlembi anapempherera mabanja onse asanu ndi awiri, n'kupemphereranso dalaivala ndi ana ake. Amayi akuti ameni anali wofooka, koma analipo.

Ndinafunsa ngati ine anandipempherera. Amayi anati, "Ayi. Imeneyo ndi ntchito yanga."

Lolemba, 17 Malichi

Shuga 9. Kutentha kwatsika. Chilonda ndi choyera, adokotala anagwedeza mutu mokhutira koyamba.

Kunabwera wapolisi wofufuza, amayi ndi amene anakamuitana. Walemba zonse, ndasaina. Akuti mlandu wa dalaivala sutha, koma woweruza adzamva izi, ndipo ndidzaitanidwa kukachitira umboni. Ndati ndidzapita ngakhale pa ndodo.

Madzulo kunabwera a Mlembi. Akulu a mpingo agwirizana kuti ndisakwere paguwa mpaka a kulikulu ataiona nkhaniyi. Pakali pano atsogolera ndi iwowo. Anati, "Ndinakwiya nanu masiku atatu, ndipo mpaka pano kamkwiyo kakadalipo. Ulaliki sindiudziwa. Lamulungu likubwerali ndikanena chiyani?"

Ndinawauza kuti akanene zimene akuzidziwa motsimikiza, ngakhale zitakhala za mphindi zisanu, ndipo pamene sakudziwa akanene kuti sakudziwa. Anati zimene akudziwa n'zoti Ambuye anauka kwa akufa ndipo asanu ndi awiri aja ali m'manja mwake. Ndinati zimenezo n'zokwanira chaka chonse.

Akutinso abambo atatu a mumpingo apita kukaika magalasi ku nyumba ya dalaivala, osatumidwa ndi munthu. Lero tinapemphera tisanasiyane.

Lachiwiri, 18 Malichi

Andiphunzitsa kuyenda ndi ndodo. Masitepe asanu ndi limodzi, thukuta thupi lonse. Pabedi la Wailesi agonekapo bambo wa chibayo, salankhula.

Lachinayi, 20 Malichi

Shuga 8. Adokotala akuti mawa anditulutsa. Insulini kawiri pa tsiku moyo wanga wonse, bandeji kusintha pakapita masiku awiri, kubweranso pakatha sabata. Ndi ndodo ndikufika kubafa ndekha.

Masana, amayi atapita kukatenga mankhwala, ndinaona munthu ataima kumiyendo kwa bedi. Anali mayi telala aja, amene anataya mwana wawo yekhayo. Sanandipatse moni.

"Abusa, masabata onsewa ndakhala ndikupemphera kuti munthu uja akafere kundende. Inu mumabwera kunyumba kwanga kudzandipepesa, mumamva ndikumutemberera, muli chete."

"Ndi zoona, mayi."

"Sindinabwere kudzakukhululukirani. Mtima umenewo ndilibe. Mwina Mulungu adzandipatsa, sindikudziwa."

"Ndamva."

"Ndabwera kuti mundiperekeze kwa iye. Ndafika pakhomo paja kawiri lero, miyendo ikukana."

A Sisitala anabweretsa njinga. Anandikankha ndi mayi telalawo okha, ndipo sanakankhe mofatsa. Pokhota njinga inagunda khoma, ululu unafika mpaka m'mano. Sindinadandaule.

Dalaivala atawaona anakoka nsalu n'kudziphimba kumaso.

"Vundukulani, bambo," anatero mayiwo. "Ndikufuna kufunsa chinthu chimodzi chokha. Mwana wanga anakhala pati?"

"Kumbuyo kwanga kwenikweni, mayi."

"Anali mtulo?"

"Ayi. Anzake atatopa ndi kuimba anagona, koma iye anaona kuti ndikusinza. Anasendera pafupi n'kumandifunsa mayina a ana anga, makalasi awo, kuti ndisagone. Anandiuzanso kuti mukumusokera diresi, ndipo manja ake mwalakwitsa kawiri."

Mayiwo anatulutsa kaphokoso ngati kuseka. "Kamodzi kokha. Amakokomeza mwana ameneyo." Atatero anakhala m'mphepete mwa bedi la dalaivala n'kulira, iyenso akulira. Ine ndinangoyang'ana bandeji yanga.

Atapukuta misozi ndi nsonga ya mpango anati, "Abusa, pempherani. Sikuti zatha, koma pano palibe wina."

Mawu okongola ndinalibe. Ndinati, Ambuye, tili pano atatu, ndipo palibe mwa ife amene angathe kunyamula mnzake. Tinyamuleni Inu. Mtsikana uja ali kwa Inu, tisungireni mpaka tidzamuone. Nditatsegula maso ndinaona kuti wapolisi wa pakhomo wavula chipewa.

Pobwerera anakankha pang'onopang'ono. Atandifikitsa pabedi anakonza chikwama chawo paphewa, n'kuima ngati aiwala kanthu.

"Lamulungu ine ndipita kutchalitchi," anatero. "Inunso mubwere. Musakakhale kutsogolo, koma mubwere."

Ndawauza amayi kuti andipezere nsapato imodzi yakumanja. Ndipita.